Chipinda Changa Cholowela Pawindo

Pa anthu onse amene anasintha nkhope ya mzinda wa Lusaka, dzina langa liyenela kukhala pamwamba, ndipo tsiku lina boma lidzazindikila. Ndine amene ndinatenga nyumba imodzi ya ku Chelstone n'kuisandutsa nyumba zitatu. Zomangamanga ndinaphunzila ku koleji temu imodzi ndi theka. Zotsalazo ndinasiyila anzanga kuti nawonso apezeko kanthu.

Nyumbayo ndi ya amama. Atate atamwalila, azikulu anga atapita kumabanja awo, tinatsala awili m'zipinda zisanu. Tsiku lina amama anandipeza pa sofa masana ndikuganizila za tsogolo la dziko, maso ali otseka.

"Iwe, si unali ku koleji? Gawa nyumba iyi patatu, tiikemo anthu a lenti. Ukagawa bwino, chipinda chako chikhala chako. Ukaononga, amalume ako ku Lilayi afuna munthu wosesa m'khola la nkhumba."

Nkhumba za amalume ndimazidziwa. Ndinadzuka.

Pulani ndinajambula kuseli kwa kalenda ya ku chalichi, ndipo zipupa ndinapima ndi patapata wanga. Ba bilikileya amene tinapeza anali bambo wosakonda kulankhula. Anayang'ana pepala, analitembenuza, anayang'ananso.

"Ba injiniya, apa pa pasiji titseke?"

"Tsekani."

"Ponse?"

"Bambo, siginecha yanga simunaione?"

Anatseka. Mbali ya kutsogolo inakhala ya amama. Ya pakati analowamo aphunzitsi ena ndi akazi awo. Ya kumbuyo inatengedwa ndi mayi wina wochokela ku Kitwe, wogulitsa zovala za salaula m'tauni. Nthawi yonse yomanga zitseko zinali pululu, ndiye ndinkangodutsa paliponse osaganizila kuti ndikudutsa mwa yani.

M'mawa wotsatila tsiku limene mayi uja anasamukila, ndinatsegula chitseko cha chipinda changa n'kupeza munthu akukazinga kapenta pamphuno panga. Mathelo a pasiji ndinali nditawasandutsa khichini yake. Chipinda changa ndinachisiya mkati mwa nyumba ya eni.

"Mwe Lesa! Ba landilodi, mufuna chani mu khichini yanga?"

"Ndifuna kutuluka, amayi."

"Nanga munangena bwanji?"

"Ndinabadwila momwemo."

Tinapangana mwaulemu. Ndikafuna kutuluka, ndizigogoda ndili mkati. Sindikudziwa ngati m'Zambia muno muli mwamuna wina amene anapangapo odi kuti atuluke m'chipinda chake. Ine ndinkatelo katatu patsiku.

"Odi kunjako!"

"Yembekezani, nikali kuvala!"

Ndinkayembekeza. Akandilola, panali msonkho. "Muli shani, ba landilodi? Pakuti mupita panja, tayaniko madzi aya." Pa sabata imodzi ndinataya madzi, ndinayanika mabulangete, ndinanyamula belo la salaula mpaka pamsewu. Aphunzitsi aja ankaganiza kuti ndine mlamu wake.

Loweluka lina anapita kukaoda katundu, anakhoma loko kunja, n'kundiiwala. Windo langa linali ndi zitsulo zimene atate anaika poopa akuba, ndipo tsiku limenelo ndinatsimikiza kuti zinali zabwino ndithu. Amama anandipatsila tiyi ndi buledi pakati pa zitsulozo. Masana azimayi a kwaya anabwela kudzayeseza nyimbo pabwalo. Mmodzi anandiona nditagwila zitsulo ndi manja awili.

"Mayo, mwana wanu analakwa chani?"

"Anaphunzila," anayankha amama.

Anandiimbila nyimbo ziwili, ina ya Paulo ndi Sila.

Mayi uja atabwelako ananena poyela kuti watopa kukhala ndi mwamuna wa ndevu kuseli kwa mapoto ake. Chitseko chija chitsekedwe ndi mabuloko, apo ayi akuchoka. Amama anaitananso ba bilikileya. Ndinawafunsa pambali chifukwa chake sanandiuze kuti pulani inalakwika.

"Ninaona, ba injiniya. Koma pulani ni pulani."

Anatseka chitseko. Wowotchelela zitsulo anadula zitsulo za pawindo kuti ndipeze potulukila. Kenako ba bilikileya, amene mwezi wonse sanapeleke nzelu ngakhale imodzi, anasankha tsiku limenelo kuti ayambe.

"Amayi, tikagumula pansi pa windo apa, tiika chitseko. Chipinda chizankhala na khomo yake yake."

Ndinaona nkhope ya amama ikuwala. Anayamba kupinda zala. "Khomo lakelake. Ndiye kuti si zitatu, ndi zinayi. Mwana wa ku yunivesite angachikonde."

M'makutu mwanga munalila nkhumba.

Ndinaimilila pakati pa bwalo n'kupeleka phunzilo lalikulu kuposa onse a moyo wanga. Ndinafotokoza kuti kachipupa ka pansi pa windo ndi kamene kanyamula denga lonse, kuti tikakagumula aphunzitsi adzagwa, salaula adzakwililika, mwina ndi nyumba ya aneba yomwe. Mawu onse a temu imodzi ndi theka ndinawatulutsa, ena kawili. Ba bilikileya anatsegula pakamwa. Ndinawayang'ana ngati munthu amene akumila.

"Ba injiniya akamba," anatelo, n'kuyamba kutsuka fosholo.

Amama sanakhutile. Anabweletsabe namwino wina wofuna chipinda. Anazungulila nyumba kawili, anafunsa kuti khomo lili kuti, ndinamuonetsa mmene timakwezela mwendo. Anayang'ana windo, anayang'ana yunifomu yake yoyela, anatsanzika.

Ndimakhalabe momwemo mpaka lelo, m'chipinda chokhacho ku Chelstone chimene palibe angachifune. Simenti, mabuloko ndi wowotchelela analipila ndi amama. Ine ndinangogula mabuloko awili opondapo pokwela pawindo, limodzi kunja, lina mkati. Makwacha makumi atatu.