Chaka Chimene Ababa Anachotsedwa pa Ukochi

Ndikukumbukira chaka chimene timu ya m'mudzi mwathu, kunyanja kumunsi kwa Benga, inayamba ligi ya boma ngati moto wolusa m'tchire louma. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kochi wa timuyo anali Ababa, bambo anga ondibereka. Ntchito yawo yeniyeni inali yokhoma maboti, moti kubwalo la mpira ankafika akununkha phula ndi utuchi.

Ligi inayamba mwera utangoyamba kuwomba. Nyanja inali yolusa, maboti ali kumtunda, choncho anyamata athu, amene ambiri anali alovi okoka makoka a eni maboti, ankapezeka kubwalo tsiku ndi tsiku. Timu iliyonse yobwera kwathu inkabwerera itasenza zigoli, ndipo ya pa Benga ndiyo inasenza zambiri. Idrisa, wosewera kutsogolo, ankamwetsa ngati akusewera ndi ana. Raundi yoyamba isanafike n'komwe pakati, anthu anali atayamba kukamba zokwera ligi ya chigawo. A Nkhoma, wapampando wa komiti ya timu, anali akufunsafunsa kale za minibasi yodzanyamula osewera popita ku Salima ndi ku Lilongwe.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankasangalala. Ochemerera akamavina pambali pa bwalo, Ababa ankangopinda manja, maso ali pa timu yogonjayo. Wina akawauza kuti, “Kochi, chaka chino takwera,” iwo ankayankha kuti, “Tiona mwera ukaleka.” Poyamba anthu ankaseka. Kenako anayamba kuyang'anana.

Loweruka lina Ababa anakhazika Idrisa pabenchi pamodzi ndi goloboyi wathu wodalirika, n'kulowetsa anyamata a kusekondale. Masewero anathera kufanana mphamvu. Sabata yomweyo wakabaza wina anabwera ndi nkhani yoti anawaona Ababa pa Benga tsiku Lamlungu, ataima ndi kochi wa kumeneko, akudyera limodzi mzimbe. Pofika kudooko nkhaniyo inali itamera miyendo: kochi wagulitsa timu, safuna kuti tikwere.

Kusukulu anzanga anasiya kundipatsira mpira. Amayi akafika kumjigo, nkhani zinkaduka. Nane ndinayamba kuwayang'ana Ababa ndi diso lina, chifukwa zinali zoona kuti Lamlungu lililonse ankatulutsa njinga osanena kumene akupita. Ndinkawasuzumira akamapala thabwa, kufunafuna pankhope pawo chizindikiro cha munthu wachinyengo, ngakhale sindinkadziwa kuti chimaoneka bwanji.

Tsiku lina ndikuwagwirira thabwa, ndinalimba mtima.

“Ababa, zimene akunena anthuzi n'zoona?”

Anakhoma msomali mpaka unalowa wonse, kenako anati, “Lamlungu udzuke msanga.”

Anandikweza pakaliyala. Njira yonse tinkadutsa mpunga woyanikidwa pamalona, ziputu zokhazokha zitatsala m'madambo. Titafika pabwalo la pa Benga tinapeza timu yawo ikusewera ndi ya mudzi wina. Kumbuyo kunali zimphona za anthu, zikhatho zokhakhala ndi chikwakwa, ndipo mpira sunkawadutsa.

“Hamisi,” anatero Ababa, “mwa anthu awa, ndi ati amene unawaona atabwera kwathu?”

Ndinayang'anitsitsa. “Goloboyi yekha.”

“Enawa anali kumunda, akumweta mpunga. Tinagonjetsa azing'ono awo. Tsopano akolola, abwerera. Nanga athu aja, mwera ukaleka adzakhala kuti?”

Yankho ndinkalidziwa. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti nyanja ikadekha mlovi sakhala wa mpira. Apa ndinamvetsa chifukwa chake ankazoloweretsa anyamata a kusekondale aja.

“Bwanji osawauza a Nkhoma?”

“Ndinawauza. Akuti ndikulodza timu ndi pakamwa.”

Kochi wa pa Benga anabwera kudzatipatsa moni. Anali mnzawo wa Ababa wakalekale, ankasewera limodzi ali anyamata. Anandisisita mutu, nandifunsa za sukulu, ndipo za mpira sanakambe chilichonse.

Ndinabwerera mtima utapepuka, ndikuganiza kuti ndikangofotokoza zimene ndaona, nkhani itha. Anzanga anandifunsa funso limodzi lokha: “Ndiye kuti nawenso unapita ku Benga?”

Komiti inakumana pakhonde la golosale ya a Nkhoma, ndipo Ababa anauzidwa kuti apume kaye. Anapereka wezulo ndi mipira iwiri ya timu popanda kukangana. Kochi watsopano anabwezera Idrisa ndi anzake m'malo mwawo, ndipo anyamata a kusekondale aja anauzidwa kuti akalimbikire sukulu. Timu inapambananso masewero otsatira, anthu n'kumati, “Mwaona? Munga tauzula.”

Kenako mwera unaleka. Kunamveka kuti usipa wagwa cha kumpoto, ndipo maboti ananyamuka ndi alovi awo, Idrisa ali momwemo. Otsala ankabwera kubwalo maso ali psuu, atachezera panyanja, ndipo chigawo chachiwiri cha masewero chikangoyamba ankayenda ngati anyamula matumba a mchenga. Anyamata a kusekondale ataitanidwanso, ena anakana. Raundi yachiwiri inali yowawa. A pa Benga anatibwezera zigoli zathu zonse ndi zina zapamwamba, ndipo amene anakwera ligi chaka chimenecho anali iwowo.

Ine ndinkadikira tsiku limene a Nkhoma adzabwere kwathu kudzapepesa. M'malo mwake ndinawaona m'mawa wina ali ndi anyamata onyamula makasu, akukumba pansi pa mitengo ya golo. Ankafuna mankhwala amene ankati Ababa anakwirira pochoka. Munthu angadziwe bwanji zakutsogolo chonchi, ankatero, ngati si iyeyo wazikonza? Sanapeze kanthu, ndipo anagwirizana kuti mwini wake anafukula kale.

Eni maboti ena anayamba kukakhometsa kwina. Idrisa atabwerako kumpoto anafika kwathu ndi usipa wouma m'jumbo, nakhala pansi pa mtengo wa mango n'kunena chapansipansi kuti, “Kochi, munkanena zoona.” Ababa anamufunsa ngati angakanene mawu omwewo pagolosale paja. Idrisa anayang'ana pansi, ndipo iwo sanamukakamize. Pa ukochi Ababa sanabwererenso.

Lero ndine bambo wa ana, ndipo ndaona matimu ambiri akuyamba ndi ukali n'kuthera pansi pa ligi. Zimenezo sizindidabwitsa. Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse ndi china. Ababa nawo anali munthu wokayikira, monganso a Nkhoma. Koma iwo atakayikira zigoli zathu anapalasa njinga kukaona okha, pamene anzawo atakayikira munthu anakhala pakhonde n'kumadikira chilichonse chowavomereza. Kwa oterowo kupambana kunali umboni, kugonja kunali umboni, ngakhale dzenje lopanda kanthu linali umboni. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinafunsa mwini wake pamaso, ndipo mpaka lero ndimachita mantha ndikaganiza kuti m'mudzi monse muja, wofunsa ndinali ndekha.