Jesinta ndi Thanga la Matumba

Tsiku limene Jesinta anagwa m'madzi, mbatata zake zonse zinamira iye akuona. Anali atagwirira bango ndi dzanja limodzi, madzi akumulekeza m'khosi, mwendo wakumanja utakokana moti katumba anachita kuuma gwa ngati mwala. Zala za kuphazi zinapindikira pansi zokha. Anayesa kusambira, mwendo unakana. Anaopanso kuphiriphitha, poti pamalo pamenepo ng'ona sizisowa.

Asodzi awiri amene ankachokera kokawonjola ukonde ndi amene anamuvuula. Mmodzi wa iwo, Smart, mwamuna wa chifuwa chachikulu wodziwika ndi kupalasa pa doko lonse, anayang'ana bwato logubuduzikalo, n'kuyang'ananso matumba osokedwa amene ankayandama pambali pake, ndipo anapukusa mutu.

"Mayi, bwato si mtondo," anatero. "Bwererani kumudzi muzikasinja. Izi mudzafa nazo."

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, ngati munayamba mwayesapo chinthu chatsopano, thupi lanu lomwe n'kukukanirani pamaso pa anthu, khalani pansi mumve za mayi ameneyu.

Jesinta ndi wa kwa Nyachikadza, kutsidya kwa Shire, dera limene msewu wake ndi madzi. Mwamuna wake Ernest anali wopalasa bwato. Ankanyamula mbatata, nyemba ndi chimanga chachiwisi kuchokera kumadimba n'kukwera nazo mtsinje mpaka ku Nsanje boma, kumene ogula amadikira. Banjalo silinali lolemera, koma silinkagona ndi njala.

Chaka china mvuu inagubuduza bwato limene Ernest anakwera ndi anzake. Anapulumuka, koma mwendo wake unathyoka moipa ndipo unapola mokhota. Kuimirira m'bwato sakanathanso. Ankangokhala pakhonde n'kumaluka mphasa, nkhope atalozetsa kumene kulibe mtsinje. Bwato lake linakhala pamtunda mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira.

Dimba silinasiye kubereka. Mbatata zinachita bwino chaka chimenecho, koma wozipititsa kumsika panalibe. Eni mabwato ena ankayamba kaye zawo, za Jesinta n'kumafota pa doko. Mwana wawo wamkazi, Praise, anali atatsala pang'ono kusiya sukulu.

Jesinta anakokera bwato kumadzi yekha. Kupalasa ankadziwa, monga mkazi aliyense wa kumeneko, koma kuwoloka n'kosiyana ndi kukwera mtsinje ndi katundu. Madzi a Shire amakankha usana ndi usiku osapuma. Ankati akapalasa mpaka mapewa kutentha, n'kucheuka, ankapeza kuti mtengo umene anaudutsa kalekale udakali pomwepo.

Tsiku lina akupuma m'mbali mwa bango, mphepo ya mwera inamuvula mpango kumutu n'kuuulutsira kumtunda kwa mtsinje. Anauyang'ana ukupita. Madzi ankatsika, koma mphepo inkakwera, kulowera komwe iye ankafuna.

Atafika kunyumba anatola matumba akale a feteleza, n'kuwatumbula, n'kuwasoka pamodzi. Anawamangirira pa nsungwi ziwiri, ina yoimirira, ina yopingasa. Linali thanga, nsalu yokola mphepo.

Ernest analiyang'ana nthawi yaitali.

"Amake Praise, bwato lathuli ndi lopapatiza. Mukazika nsungwiyo zolimba, mphepo ikangowomba mwamphamvu mugubuduzika."

"Ndiye sindiizika," anayankha Jesinta. "Ndiziigwira ndi manja. Mphepo ikakula, ndiziitaya."

Anachitadi zomwezo. Tsinde la nsungwi analilowetsa pa bowo la thabwa pansi pa bwato, iye n'kuimirira, manja onse awiri atagwira nsungwi yopingasa. Mphepo itadzaza matumba aja, bwato linanyamuka lokha. Jesinta anaseka mokweza pakati pa mtsinje, kuseka kumene anali ataiwala.

Koma walira mvula walira matope. Kulimbana ndi mphepo utaimirira pa chinthu chogwedezeka kumagwiritsa ntchito minofu imene munthu sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Zala za kuphazi zimakanirira pansi, akatumba amakungika, mikono imakoka osalekeza. M'mawa mwake Jesinta anadzuka thupi lonse likuphwanya ngati amumenya ndi zibonga. Zala za m'manja sizinkatambasuka. Kuti awerame atole chikho, ankachita kugwira khoma.

Sanauze munthu. Anaganiza kuti ululu umathawa munthu wouma mtima, choncho anapitanso kumtsinje, mawa lakenso chimodzimodzi, osadya mokwanira, osanyamula ngakhale madzi akumwa. Kenako anadzaza bwato ndi mbatata n'kuyamba ulendo wa ku boma. Dzuwa la ku chigwa litafika pamutu, mwendo unakokana mwadzidzidzi. Anagwada, thanga linamukoka, bwato linapendekeka. Ndi pamene Smart ndi mnzake anamupeza ali m'bango.

Nkhani inafika kumudzi iye asanafike. Akazi ena pa mjigo ankati akamuona n'kumatambasula zitenje zawo m'mwamba ngati thanga, n'kumaseka. Jesinta anapinda matumba aja n'kuwaponya kuseri kwa nkhokwe.

Anakhala akutsimphina kwa kanthawi. Tsiku la sikelo ya ana, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mayi Maness, anamuona akuyenda mokoka mwendo ndipo anamuitanira pambali. Jesinta anafotokoza zonse, maso ali pansi, akudikira kuti amudzudzule.

"Madzi munamwa ochuluka bwanji tsiku limenelo?" anafunsa mayi Maness.

"Sindinamwe. Ndinkati ndikamwa ndikafika."

"Munali pakati pa mtsinje koma thupi lili ndi ludzu! Nanga munapumulako tsiku lililonse chiyambireni?"

Jesinta anapukusa mutu.

Mayi Maness anamugwira katumba, n'kumufunsa ngati patupa kapena pakutentha. Atapeza kuti palibe choopsa, anamuimiritsa moyang'ana mtengo, manja atatsamira pa thunthu, mwendo wowawawo atautambasulira kumbuyo, chidendene chili pansi.

"Mukumva kukoka? Khalani choncho, muzipuma bwinobwino. Muzichita zimenezi musanakwere bwato ndiponso mukatsika. Mwendo ukakokana, musalimbane nawo. Khalani pansi, wongolani, kokerani zala za kuphazi kwa inu mpaka ufewe. Muzimwa madzi musanamve ludzu, ndipo tsiku lotuluka thukuta kwambiri muziikamo kamchere ndi kashuga. Thupi lanu silikukukanani, mayi. Mwalipatsa ntchito yachilendo, ndiye likufuna nthawi yoti liphunzire."

"Ndiye simukundiletsa?"

"Ndikuletseni chifukwa chiyani? Ndikukuletsani kuthamanga basi."

"Takhuta," anathokoza Jesinta mu Chisena cha kwawo, ndipo anabwerera kunyumba mtima utapepuka.

Anapumula mpaka kuphwanya kutatha. Kenako anakatenga matumba aja kuseri kwa nkhokwe, n'kuwakung'untha fumbi. Ulendo uno sanapite pa mtsinje waukulu. Anayambira pa thamanda losaya, la madzi olekeza m'chiuno, bwato lopanda katundu. Ankayeserera pang'ono, n'kutsika, n'kuwongola miyendo, n'kumwa madzi. Akadzuka thupi likuwawa kwambiri, tsiku limenelo ankapita kudimba m'malo mwake. Anagwa kambirimbiri pa thamandapo, koma kugwa kwa pamenepo kunali kongonyowa.

Pang'onopang'ono anazindikira zinthu. Akapinda mawondo pang'ono, miyendo sinkatopa msanga. Akasiya kukanirira ndi zala za kuphazi, mapazi sankakokana. Koma mikono inali idakali pamavuto. Thanga linkakoka, iye n'kumakoka, ndipo mapeto ake zala zinkauma ngati za nkhanu.

Yankho analipeza pa chinthu chimene anachichita kwa zaka zambiri. Tsiku lina anaona mkazi wina akulima mwana ali kumsana, manja onse ali pa khasu. Anadzifunsa kuti: kodi mwana timamunyamula ndi manja tsiku lonse? Anatenga chitenje cholimba, n'kuchizunguliza m'chiuno, nsonga zake n'kuzikoleka pa nsungwi yopingasa ija ndi mfundo yosavuta kumasula. Atatsamira chambuyo, thanga linakoka chiuno m'malo mwa mikono. Manja anangotsala ndi ntchito yowongolera. Mphepo ikakula, ankasolola nsonga imodzi, mfundo n'kumasuka, thanga n'kugwa.

Panatsala vuto limodzi. Munthu amene wagwira thanga sangagwirenso nkhafi, ndipo bwato lopanda wowongola kumbuyo limangopita kumene lafuna.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, Jesinta anakhala pafupi ndi mwamuna wake pakhonde.

"Abambo ake Praise, ndikufuna munthu wokhala kumbuyo ndi nkhafi."

"Funsani achimwene anu."

"Ndikufunsa inuyo."

Ernest anasiya kuluka. "Mukundiseka? Ndi mwendo uwu?"

"Wowongola saimirira. Woimirira ndi ine. Mvuu inakuthyolani mwendo, koma maso odziwa pamene pali mchenga ndi pamene pali mkokomo sinatenge. Ine mtsinjewu sindiudziwa ngati inu."

Ernest anayambiranso kuluka mphasa yake, Jesinta n'kupita kukaphika. Sanaitchulenso nkhaniyo. Patapita masiku, akupita ku thamanda m'mawa, anamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwake. Anali Ernest, nkhafi yake yakale ili paphewa.

Ernest anakhala m'bwato. Anatunga madzi ndi chikhatho n'kusukusula kumaso. Kenako anaviika nkhafi.

"Kwezani thanga, amake Praise."

Ulendo wawo woyamba wopita ku boma ananyamula katundu wochepa dala. Mwera unkawomba bwino. Jesinta anaimirira kutsogolo, chitenje chili m'chiuno, chigubu cha madzi chili pamapazi. Ernest ankafuula kumbuyo: "Kumanzere kuli mchenga! Tsamirani pang'ono! Apo pali namasupuni, tilambalale!" Mawu ake anali atabwerera mwakale.

Ali pakati pa ulendo, Jesinta anamva katumba akuyamba kugwedera, chizindikiro chimene tsopano ankachidziwa. Sanachite mantha. Anamasula mfundo, n'kutsitsa thanga, n'kukhala pansi. Ernest anakocheza bwato m'mbali mwa bango. Jesinta anawongola mwendo, n'kukokera zala kwa iye, n'kumwa madzi. Anadya nthochi ziwiri, ina n'kupatsa mwamuna wake. Mwendo utafewa, anaimiriranso.

Chakutsogolo anapeza bwato la Smart likukwera movutikira, amuna awiri akupalasa thukuta lili kamukamu. Bwato la matumba a feteleza linawadutsa mwakachetechete. Ernest anangokweza dzanja.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Smart anasiya kupalasa, n'kumangowayang'ana akupita.

Kuyambira pamenepo, nyengo ya mwera ikafika, mbatata za Jesinta sizifotanso pa doko. Akazi omwe ankatambasula zitenje pa mjigo anayamba kumubweretsera madengu awo kuti awanyamulire, ndipo iye sanawakumbutse za kale. Praise anapitiriza sukulu. Masiku opanda mphepo, awiriwo amapalasa limodzi mofatsa, kapena amangokhala kudimba. Sanalemere ayi. Anafolera nyumba ndi malata, ali ndi mbuzi zingapo, ndipo amadya n'kukhuta.

Chaka chotsatira, Smart anasoka thanga lake mobisa n'kukaliyesa kutali ndi maso a anthu. Poti ndi mwamuna wamphamvu, anakoka ndi mikono tsiku lonse osapuma. M'mawa mwake mkazi wake anafika kwa Jesinta akubisa kuseka ndi nsonga ya mpango.

"Amake Praise, bwerani mudzaone anzanu aja. Akulephera ngakhale kumanga mabatani a malaya. Akuti mwina awalodza."

Jesinta anapita. Anamupeza Smart atakhala pa mpando, manja ali m'mwamba ngati nkhuku yonyowa, akubuula. Anamuonetsa kawongoledwe ka mikono ndi miyendo, n'kumuuza za madzi ndi za kupumula, monga momwe iye anauzidwira. Pomaliza anamufotokozera za chitenje cha m'chiuno.

"Chitenje? Ine mwamuna ndivale chitenje pa mtsinje?"

"Mukhoza kugwiritsa ntchito chingwe," anatero Jesinta, "koma chimacheka."

Lero mukaima pa doko nthawi ya mwera, mudzaona mathanga angapo a matumba akukwera Shire. Amene wagwira limodzi mwa iwo ndi mwamuna wa chifuwa chachikulu, atamanga chitenje cha maluwa ofiira cha mkazi wake m'chiuno.

Jesinta akafunsidwa ngati thupi linasiya kuwawa, amaseka. "Limawawabe. Chaka chilichonse mphepo ikayamba, sabata yoyamba ndimayenda ngati nkhalamba. Kungoti tsopano ndimadziwa kuti ululu uti ndi wakuti thupi likuphunzira, ndipo uti ukundiuza kuti ndikhale pansi."

Inunso mwina mwayamba chinthu chimene kwanu palibe anachichitapo, ndipo chakupwetekani. Mwina mwagwa anthu akuona. Kuwawa kwa poyamba si umboni wakuti ntchitoyo si yanu. Pumulani mukatopa, funsani odziwa, bwererani pamadzi osaya mukaphunzire bwino, ndipo musachite manyazi kupempha wina kuti akugwirireni nkhafi. Kukhala pansi kuti mwendo ufewe si kugonja. Mtima wokhawo musautaye: ukafewa mwendo, imiriraninso.