Timitengo ta Pamwamba pa Chitseko

Chaka chimene tinalowa m'banja tinkakhala ku Chilomoni, m'nyumba ya lendi, cha kumtunda kumene msewu umayamba kukwera kulowera ku Michiru. Katundu wathu pabalaza anali mipando iwiri ya pulasitiki, katebulo ndi kalendala ya kutchalitchi. Munthu ukatsokomola mawu ankabwerera ngati m'kalasi ana ataweruka. Ine zimenezi zinkandinyansa.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina m'tauni. Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti anthu olemera amaika nthambi zouma mumtsuko n'kumati akongoletsa. Poyamba ndinkaseka, koma m'kupita kwa masiku ndinadzipeza ndikuima n'kumaziyang'ana, kansalu kopukutira kali m'manja.

Loweruka lina ndinatsagana ndi amayi oyandikana nawo nyumba amene ankapita kukatola nkhuni cha kuphiri. Iwo akumanga mitolo, ine ndinali kalikiliki kutola zipatso zouma za paini m'jumbo ndi kusankha nthambi zokhotakhota.

"Nkhuni zanuzo, asisi, ndi zophikira tiyi wa mbewa?" anatero mmodzi, onse n'kufa nalo phwete.

Sindinawasamale. Kunyumba ndinazitsuka, ndinazipala ndi sandipepala, n'kuzipaka vanishi wotsala amene amuna anga anabwera naye kuchokera kuntchito kwawo ku Makata. Nthambi zitalizitali ndinaziimika mumphika wadothi pakona. Zipatso za paini ndinaziyala m'kalichero patebulo. Timitengo tating'ono totsala ndinatimanga pamodzi ndi chingwe cha khonje n'kutipachika pamwamba pa chitseko cha kumaso. Kunena zoona, nyumba inasintha, ndipo ndinanyada.

Mu Juni apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anabwera kuchokera ku Phalombe kudzationa koyamba. Ukwati wathu anauvomera ndi pakamwa chabe. Iwo ankafuna mtsikana wa kumudzi, wodziwa khasu, osati ine wobadwira ku Ndirande. Ankanditchula kuti "apongozi", mwaulemu wozizira uja wakuti munthu akhale patali. Chimene ndinkalakalaka pa ulendo umenewo n'chakuti aone nyumba yanga, akhutire, andiwerengere ngati wawo.

Atafika pakhonde anakweza maso, n'kuima. Kenako anayala chitenje pansi pomwepo.

"Lowani, Amayi," ndinatero.

"Pano pali bwino. M'nyumba mukuoneka kuti mukutentha."

Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kolowa mpaka m'mafupa. Masiku awiri athunthu ankazungulira kuseri, kulowera chitseko cha kukhitchini, ndipo mphasa yawo anayala komweko. Chakudya ankadyera pakhonde, atafunda bulangete. Amuna anga, monga amachitira amuna, ankangoti, "Asiye, ndi mmene alili." Ine mtima unkandiwawa. Ndinakolopa kawiri patsiku, ndikuganiza kuti mwina aona litsiro.

Tsiku lachitatu, amuna anga atapita kuntchito, tinakhala awiri kuseri tikusankha nyemba. Anatsokomola pang'ono.

"Apongozi, ndikufunseni. Mwana wangayu akukuvutitsani?"

"Ayi, Amayi."

"Akuyendayenda?"

"Ayi ndithu."

"Nanga zapachitsekozo anakupatsani ndani? Ngati pali vuto mukanandiuza ine. Ine ndine wa mvano, sindingadutse pansi pa zinthu za asing'anga. Ndipo m'mphika muja ndasuzumira pawindo, ndaona."

Nkhope inanditentha. Masiku onsewa mayiwa ankaganiza kuti ndatsirika nyumba ndi kumanga mwana wawo ndi mankhwala! Ndinafuna kuyankha mwaukali, koma chimene chinatuluka ndi chiseko, misozi ili m'maso. Ndinakatenga mpando, ndinatsitsa kamtoloko, ndinakamasula pamaso pawo n'kuthyola kamtengo kamodzi.

"Nunkhizani, Amayi. Ndi paini wa kuphiri uko. N'zokongoletsera chabe."

Ananunkhiza kamtengoko ali chapatali.

"Kukongoletsa ndi nkhuni?"

"Eya."

"Za m'tauni," anatero, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Madzulo ake analowa pabalaza, koma anakhala m'mphepete mwa mpando, maso ali pamphika. M'mawa mwake ananyamuka osanenapo kanthu za nkhaniyo. Sindinadziwe ngati anandikhulupirira. Pachitseko sindinapachikenso kanthu, koma mphika ndinaukakamira, chifukwa nanenso ndili ndi kamwano kanga.

Anabweranso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anatula nandolo ndi chinangwa pakhonde, kenako anandipatsa chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje chakale, nsonga yake ikutulukira kunja. Nditamasula ndinapeza muzu wa mtengo, wopotana ngati chingwe, wotsukidwa bwino mpaka m'makwinya.

"Ndinaufukula kumunda pounga mizere," anatero akupukuta thukuta. "Koma wandivutitsa panjira. Mu minibasi monse maso pa ine. Mayi wina anachita kusuntha. Pa Limbe kondakitala akuti, 'Agogo, mankhwalawa ndi a chiyani?' Ine wa mvano, zaka zonsezi!"

"Ndiye munamuyankha chiyani, Amayi?"

"Ndinati si mankhwala. Ndi za mwana wanga wa ku Chilomoni, amakongoletsera nyumba."

Ananena zimenezi akuvula nsapato, osandiyang'ana n'komwe. Ine ndinangoima chilili, muzu uli m'manja. Anaulanda, analowera chitseko cha kumaso, n'kukauika okha mumphika, pakati penipeni.