Hoke ya mu Shedi ya Tiyi

Ndikukumbukira fungo la mu shedi yoyezeramo tiyi pa esiteti imene tinakulira, cha ku Chinakanaka. Munkamveka masamba aawisi ndi simenti yonyowa. M'menemo ndi mmene achemwali anga, Esinati, anagwirira ndodo ya hoke koyamba.

Hoke inabwera pasukulu pathu ndi aphunzitsi a Mulipa, bambo wamfupi amene wenzulo yawo inkamveka mpaka kumalayini kumene tinkakhala. Ndodo zenizeni zinali zowerengeka, choncho ambirife tinkasema zathu ku nthambi zokhota za gwafa. Ine luso ndinalibe, koma liwiro lokha Mulungu anandipatsa. Achemwali sankathamanga. Mwendo wawo wakumanzere unapuwala ali khanda, ndipo ankangokhala pansi pa bulugama n'kumatiwombera m'manja. Zinkandiwawa kuwaona choncho.

Chaka china chiperoni chinakhazikika osafuna kuchoka. Bwalo la sukulu linasanduka phala, moti mpira ukagwa unkangomira. A Mulipa anakapempha kwa akapitawo kuti tizigwiritsa ntchito shedi ija anthu akatha kuyezetsa tiyi. Malo ake anali ochepa, pakati pali zipilala, sikelo ikulendewera kudenga.

“Aphunzitsi, muno tithamanga bwanji?” ndinafunsa.

“Wanena zothamanga ndani? Kumayiko ozizira, kumene hoke amasewerera pa madzi oundana, amadula bwalo n'kumaphunzirira pakakona. Malo akachepa, manja amachenjera.”

Anagoneka madengu awiri othyolera tiyi kuti akhale magolo, ena n'kuwandanda pakati kuti tiziwazemba ndi mpira. Tinkalowa awiri kulimbana ndi awiri, ndipo kumenya mpira mwamphamvu kunali koletsedwa. Ndodo zinkangoti go go go, akakolo akulira. Ife odalira miyendo tinaona zakuda. Tsiku loyamba lomwelo ndinapsompsona chipilala, n'kupita kunyumba ndi chotupa pamphumi chonga dzira.

Madzulo ena mnzathu mmodzi sanabwere, ndipo achemwali anali atakhala pakona kubisala mvula. A Mulipa anawaponyera ndodo.

“Ine, aphunzitsi? Nanga mwendowu?”

“Muno mwendo ulibe ntchito, Esinati. Lowa.”

Analowa mwamanyazi, koma manja amene anazolowera ndodo yoyendera sanachedwe kuzolowera ya hokeyi. Ankaima pa mwendo wabwinowo n'kumatembenukira pomwepo, mpira uli phe pandodo ngati aumata ndi ulimbo. Patapita masiku anandidutsitsa mpira pakati pa miyendo, uwo mudengu. Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Ndinachita manyazi, inde, koma ndinali ndisanawaonepo achemwali akuseka mpaka kugwetsa misozi.

Vuto linali limodzi, ndipo tonse tinkalidziwa: mvula ikatha tidzabwerera kubwalo lalikulu, kumene opanda liwiro alibe malo. Kumalayini aliyense ankadandaula ndi chiperoni, zovala zosauma, nkhuni zofuka utsi. Achemwali okha ankadzuka m'mamawa kukasuzumira kuphiri. Akaona chifunga chakuta phiri la Chambe ankalowa m'nyumba akuimba.

Tsiku lina Chambe anaonekera yense, mbee, dzuwa likuwala pamwala. Amayi anathokoza Mulungu n'kutulutsa mabulangete. Achemwali anangotenga ndodo yawo ya gwafa, kuipukuta bwinobwino, n'kuilowetsa pansi pa bedi. Mbatata ya m'mawa umenewo sanaikhudze.

Bwalo litauma tinabwererako, achemwali n'kukhalanso pansi pa bulugama paja. A Mulipa anafika atasenza madengu obwereka. Anapita pakona ya bwalo, n'kuyamba kuwandanda mpaka anazungulira malo ofanana ndi shedi ija. Kenako anaimba wenzulo.

“Kuyambira lero, wofuna kusewera kwakukuluko ayambe wadutsa muno. Esinati, ndodo yako ili kuti?”

Achemwali anaweramitsa mutu. Ine sindinadikire kutumidwa. Ndinadula m'mizere ya tiyi, kulumpha ngalande, kukwawira pansi pa bedi, n'kubwerera ndili wefuwefu ndodo ili m'manja. Pa kuthamanga konse kumene ndathamangapo, kwa tsiku limenelo ndi kumene ndimanyadira.

Zinthu zinasintha. Shedi ija anaigumula, ndipo pasukulupo za hoke palibe akuzikumbuka. Mwana wanga anandionetsapo pafoni anthu akutsetsereka pa madzi oundana, atapanikizana pakakona, awiri kulimbana ndi awiri. Ndinamuuza kuti zimenezo azakhali ake anazidziwa kale, iye n'kungondiseka.

Achemwali pano amasoka zovala pa Chonde, ndipo ndodo ya gwafa ija ili kuseri kwa chitseko cha shopu yawo. Chiperoni chikayamba, anthu akuthawira m'makonde ndi kudandaula, foni yanga imalira. Ndimadziwiratu woimba.

“Achimwene, mwaona kuphiri? Kunja kwacha bwino lero.”