Kakhomo Kofupika ka ku Hotela

Mphuthu ya kakhomo kaja inali ya mkungudza, ndipo chapakati pake panali ponyezimira ngati popakidwa mafuta. Sinali polishi ayi. Inali mitu ya anthu imene inasalaza pamenepo.

Kakhomoko kanali mu hotela yakale ya pamwamba pa phiri la Zomba, kochokera kukhitchini kulowa m'chipinda chodyera. Nyumbayo azungu anaimanga mosaumira: makoma a miyala okhuthala, khonde loyang'ana kuchigwa, chumuni m'chipinda chilichonse. Koma khomo la antchito analifupikitsa dala, kuti wobweretsa chakudya azilowa atawerama.

Amalume ankaperekera zakudya kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe. Matipate atangoyamba kumene, nyengo yozizira, amayi ankanditenga kuchoka ku Zakazaka kukagulitsa mabulosi pageti la hotelayo. Chiperoni chikatsika, zala zitauma gwa, amalume ankandilowetsa kukhitchini kuti ndikawothe moto. Fungo la utsi wa paini ndi buledi wowotcha limandifikabe m'mphuno.

Hotelayo inali itangogulidwa ndi bwana wina wa ku Blantyre, Mmalawi mnzathu, ndipo analonjeza kuti akuza khomo lofupika lija. Amisiri anali atajambula kale mzere wa choko pakhoma. Amalume akamadutsa ankauyang'ana mzerewo. "Ndidzalowa chilili, mphwanga, ngati munthu," ankatero.

Ine kakhomoko ndinkakakonda koopsa. M'nyumba monsemo, ndi kokhako kamene kanali ka msinkhu wanga. Ndinkadutsapo mutu uli m'mwamba ngati mwini malo.

Tsiku lina nkhungu inatsekereza alendo achizungu m'chipinda chodyera, bwana akuwafotokozera mbiri ya nyumbayo. Ine ndi matama anga aja ndinatola thireyi yopanda kanthu, n'kupinda msana, khosi cham'mbali, phazi lamanzere likukwekwereza, ndendende amalume. Ndinatulukira pakakhomo paja: "Tiyi, bwana!" Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina anafunsa kuti ndikutsanzira ndani, ine n'kuloza amalume.

Anawaitana amalume. Anawapempha alowe ndi thireyi kuti awajambule, kenaka abwerezenso chifukwa kamera ya wina inali isanakonzeke. Analowa akumwetulira, makapu akulira pathireyi.

M'mawa mwake choko chija chinafufutidwa. Bwana anati khomolo ndi mbiri, alendo alikonda, ndipo mbiri sagumula. Lilipobe mpaka lero, ndipo ndamvapo anthu ophunzira akuyamikira kuti linasungidwa. Mwina akunena zoona. Koma iwo sawerama nalo tsiku lonse.

Ndisaname, ine ndinasangalala kuti kakhomo kanga kapulumuka. Amayi sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangoti, "Mwana iwe, wawavula amalume ako pagulu." Amalume anapitiriza kundisungira zidutswa za buledi m'thumba la yunifolomu, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandiwawa kwambiri ndikakumbuka.

Lamulungu lotsatira anabwera kwathu ku Zakazaka kudzationa. Khomo lathu linali lalitali, poti bambo anali munthu wamtali. Amalume atafika pamenepo anawerama, khosi cham'mbali.

"Amalume, kuno si kuhotela!" ndinatero ndikuseka.

Anaima, nayang'ana mphuthu ili patali ndi mutu wawo, kenaka anayang'ana ine. Analowa atawerama chomwecho. Ine ndinkayesa kuti angoiwala zoti khomo lathu ndi lalitali.