Mazira ndinaikira thadzi

Mdzukulu wanga woyamba anali wamwamuna, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi. Atangosiya bere anayamba kutupa mapazi, masaya ali tutumu. Ine kuchigayo kumakuwa: "Wanenepa wanga, bwerani mudzaone!"

Kusikelo ku Nkhulambe anapita naye ndi bambo ake, mkamwini wanga. Pobwera anagwada chapatali, mawu apansipansi ngati wakuba.

"Amayi, akuti si kunenepa. Akuti tizimuswera dzira m'phala, makamaka chachikasu cham'katicho. Akuti yoku."

"Yo chiyani?"

"Yoku, amayi, Chizungu. Akuti kumasulira kwake ndi chikasu chomwecho."

"Ndiye Azungu akatchula chikasu mwana agwe khunyu? Inu pamudzi pano munabwera ndi khasu lokha, lero mwayamba kulamula za m'poto?"

Mlongo wanga anagwera pamoto ndi khunyu ine ndikuona ndi maso awa, ndipo amayi ankati anaba dzira ali wamng'ono. Ndinakula nazo zimenezo ine.

Mazira analipo asanu ndi atatu m'lichero. Ndinatenga onse kukaikira thadzi lomwe linkafungatira kuseri kwa nkhokwe. Dzira likalowa pansi pa nkhuku ndani angadyenso?

Itatha sabata ndi theka ndinangomva "Mayo ine!" kuseriko. Mwana wanga wamkazi uja anali ataba dzira limodzi n'kuswera m'kambale. Chikasu chija chili mitsempha ya magazi yokhayokha, pakati kadiso kakuda.

"Ehee! Waona? Ukanamudyetsa zimenezo?"

"Mwaliwononga ndinu, amayi."

"Tseka pakamwa!"

Tsitsi la mwana linafiira, khungu kumasupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Kulira kwake kunangotsala "eee, eee," ngati kamphaka. Ine ndiye kumuthira phala lamadzimadzi, kumati ndi mano akumera.

M'mawa umene anakana ngakhale madzi, mkamwini sanandifunsenso. Anakweza mkazi wake panjinga, mwana kumsana, ulendo wa kuchipatala.

Anatulukira dzuwa lili pamutu. Mkamwini njinga akukankha, mwana wanga akuyenda pambuyo, chitenje atafunditsa kamwana kaja mpaka kumutu. Ine pakhonde ndi chimawu changachi:

"Nanga mwabwerera panjira bwanji? Mwaiwala buku la kusikelo?"

Mkamwini anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, bwinobwino, kuti isagwe. Anavula chipewa.

"Amayi, tiyalireni mphasa m'nyumba."