Kulondola Nyumba ya Matayala

Tinanyamuka kwathu ku Henga Lolemba m'mamawa, mwezi wa Juni, udzu uli mbuu ndi chisanu. Tinali ine NyaGondwe, amuna anga a Msiska, ndi nkhuku imodzi m'dengu. Mbuzi ziwiri tinali titagulitsa, ndiye munganene kuti nazonso zinakwera basi, koma zili pamfundo ya chitenje changa.

Chimene chinatichotsa pakhomo ndi mphumu. Chaka chilichonse chisanu chikafika, chifuwa cha a Msiska chinkatseka, koma chaka chimenecho chinanyanya. Kuyambira Meyi munthu sanaikepo nthiti pamphasa. Ankagona chokhala, atatsamira khoma, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Mkonono wawo, umene ndinkakangana nawo chikwatiwire, unangosowa. M'nyumba munati zii, ndipo zii ameneyo ndi amene ankandiopsa. Adokotala a ku boma anatipatsa mapiritsi, kenako n'kundikokera pambali. "Amama, ngati muli ndi abale kotentha, pitani nawo. Julayi wa kuno samutha bambowa."

Abale kotentha tinali nawo. Mwana wathu Tiwonge anakwatiwa ndi a Phiri, mnyamata wa ku Dowa amene anabwera ku Rumphi ndi ntchito ya misewu, kenako anawasamutsira ku Chikwawa. Nyengo yopanda mvula ankakhala kutchire, kumene akupala msewu. Dalaivala wina wa lole ndiye anatibweretsera mawu awo: mukapitirira Nchalo, mutsike pamlambe waukulu wa pamphambano, mudzaona kalavani. Ndinafunsa kuti kalavaniyo n'chiyani. Akuti nyumba ya malata yokhala pamatayala. Ndinaseka mpaka misozi. "Nyumba ya matayala? Ikufuna kupita kuti?" Ndikanadziwa bwenzi nditasunga mano anga.

A Msiska ndinawaveka malaya awiri, juzi, jekete la kutchalitchi, chikhotho chimene anabwera nacho ku Joni, ndi bulangeti pamwamba. Kondakitala atawaona pa Njakwa anafunsa, "Agogo, katunduyu akwera pamwamba kapena m'kati?" Anthu anaseka, a Msiska anafuna kuyankha, mpweya unakana. Anangomuloza ndi ndodo. Mphepo ya m'chigwembe cha Rukuru inkalowera pazenera losweka, ine n'kutsekapo ndi msana wanga mpaka ku Mzuzu. Kumeneko tinagona kwa mlamu wanga.

Lachiwiri tinakwera basi yaikulu. Ine zolembedwa pachipumi cha basi sindiziwerenga, ndiye ndinafunsa anthu atatu, wachinayi ndinafunsa dalaivala mwini wake. Ku Chikangawa tinalowa mu nkhungu, mitengo ya paini itaima mizeremizere ngati ana asukulu olandira alendo. Dalaivala ankayendetsa atatulutsa mutu panja.

Ku Kasungu tinafika dzuwa litapendeka. Anyamata a chipani anaima pakhomo la basi, aliyense atsike, aonetse khadi. Athu ndinali nditawakulunga m'kapepala ka shuga, pafupi ndi mbuzi zija. Mnyamata wina anayang'ana khadi, n'kuyang'ana dengu. "Nanga nkhukuyi?" Ndinati, "Mwana wanga, imeneyi ikukaphedwa, musaononge khadi." Anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupitirira. Anatilola kubwerera m'basi anzathu asanathe, ndipo ndinathokoza mumtima, chifukwa kamphepo kanali katayamba.

Ku Lilongwe tinagona padepoti, pasimenti, tiyi wa matambala asanu ali m'mimba. Simentiyo ndi imene inatipweteka. Lachitatu, basi ikukwera mapiri a Dedza, chifuwa chija chinatsekeratu. Milomo inachita bii, mapewa akukwera ndi kutsika ngati mvukuto, piritsi osathandiza. Ndinayamba kudzitukwana. Munthu ndamuchotsa pakhomo pake kuti akafere m'basi, pakati pa anthu osadziwa n'komwe mfunda wake? A Msiska anandigwira dzanja, n'kunong'ona mawu amodziamodzi.

"NyaGondwe... zikavuta... usandisiye kuno."

"Khalani chete, adada. Mpweya wochepawo musamathere zopusa."

Kumbuyo kwathu kunakhala mayi wina wonenepa wa ku Ntcheu, wamalonda a kabichi. Basi itaima pa Lizulu, anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa, "Iwe wa mbatata yophika! Yotentha, osati yadzulo!" Anagula ya matambala khumi, anaikulunga m'mpango wake, n'kundipatsa. "Ikani pachifuwa, m'kati mwa malaya. Ife kuno ana timawatero." Ndinamasula chikhotho, jekete, juzi, malaya, ngati ndikusenda chimanga, n'kuika mbatatayo. Kaya ndi mbatata, kaya ndi piritsi lochedwa kugwira, kaya ndi msewu umene unayamba kutsika, ine sindidziwa. Pofika ku Balaka kamphaka kaja kanali katachepetsa kulira. Mayiyo anali atatsika kale, ndipo mpango wake ndili nawo mpaka lero.

Titadutsa Zomba ndinati ndione ngati mbatata ikadali yofunda. Ndinapeza makoko okhaokha.

"Adada, mankhwala aja ali kuti?"

"Akugwira ntchito... cham'kati."

Ndinawakalipira, koma mtima unatsika pang'ono. Munthu wakufa saba mbatata.

Blantyre ndiye anandikhumudwitsa. Tinafika kukuwaza kamvula kosalekeza kamene eni ake amati chiperoni, anthu atafunda matumba kumutu. Ndinafunsa bambo wina wogulitsa mabanzi, "Kodi kum'mwera kotentha kuja ndi kuno?" Anati, "Mayi, dikirani mawa. Mudzapempha chisanuchi kuti chikutsatireni."

Sananame. Lachinayi m'mawa basi ya ku Nsanje inayamba kutsika phiri, msewu wokhotakhota ngati matumbo a nkhuku, makutu akutseka. Pansi patali tinaona dziko lathyathyathya, mtsinje wa Shire ukung'anima pakati. Pakona yoyamba a Msiska anachotsa bulangeti. Patsogolo pang'ono chikhotho. Tisanaoloke Shire, jekete ndi juzi zinali pamiyendo panga, ndipo ndinaona kuti mwamuna wanga watha, watsala mafupa okhaokha. Koma thukuta linali pamphumi, ndipo anapempha madzi ndi mawu athunthu, osadukiza.

Titapitirira minda ya nzimbe ya ku Nchalo, kondakitala anatitsitsa pamlambe uja dzuwa lili pamutu. Basi inapita, fumbi linakhazikika. Mlambe unalipo. Mphambano inalipo, msewu wafumbi wodutsa kupita kumanja ndi kumanzere. Kalavani panalibe.

Ndinazungulira mtengo wonse, ngati nyumba ingabisale kuseri. Ndinapeza mafuwa atatu, phulusa lozizira, thandala la mbale lopanda mbale, ndi mizere ya matayala yothera mumsewu. Thandalalo ndinalizindikira, lomangidwa mopendama ngati mmene Tiwonge amamangira chilichonse. Ndinatula dengu pansi. Mbuzi zonse ziwiri zinali zitatha, patsala mchira. Kubwerera kunali kosatheka, ndipo ngakhale kukanatheka, Dedza akanatilola kudutsanso kachiwiri?

Kunabwera bambo wina pangolo ya ng'ombe yodzaza thonje. Anatipatsa moni m'Chisena, ife tinayankha m'Chitumbuka, kenako tonse tinathawira ku Chichewa.

"Amisewu aja? Anakoka nyumba zawo ndi thalakitala, sabata yatha."

"Kupita kuti?"

"Kaya. Ine ndinali kumunda. Anthu amenewo ndi akamba, mayi, amayenda ndi nyumba."

Ndinayang'ana msewu wafumbi uja. Kumanzere unali mabampu ndi maenje okhaokha. Kumanja unali see, dothi latsopano, ngati pabwalo pozira. Ndinasenza dengu n'kuloza kumanzere.

"Tiyeni uku, adada. Wokonza msewu amapita koipa."

A Msiska anali atakhala pafuwa limodzi, akupuma. Anapukusa mutu.

"Akanapita uko, bwenzi atayambira pano kupala. Taona, sanakhudzeko. Titsate kosalala. Pomwe kusalala kwathera, mkamwini ali pomwepo."

Mawu onsewo mpweya umodzi! Ndinaiwala n'kutsutsa komwe. Wangolo uja anaseka, anati nayenso akulowera kumanja, kumsika wa thonje. Anawakweza a Msiska pamwamba pa mabelo, ine pambali, nkhuku pamiyendo. Ndinafuna kumupatsa mchira wa mbuzi uja, anakana. Ndinathokoza m'chikwathu kuti yewo chomene, iye anati kwawo pothokoza amati takhuta, ndipo ndinamuuza kuti ife sitinadye kanthu chichokere ku Blantyre. Anatithyolera malambe.

Ng'ombe zinkayenda ngati zikupita kumaliro a mdani. Tinadutsa midzi, mitengo ya masawu, ana osavala malaya mwezi wa Juni. Pakona iliyonse ndinkaimirira kuti ndione, wangolo n'kumati, "Khalani pansi mayi, mugwa, thonje langa lida." Msewu unali see, see, see. Ndinayamba kuganiza kuti mkamwini wapala mpaka ku Mozambiki.

Dzuwa litayamba kupendeka tinamva kulira kwa chimakina. Kenako fumbi lofiira. Kenako, pansi pa mtengo wa mtondo, nyumba zitatu zamalata, zachikasu, zili pamatayala, iliyonse ndi kamakwerero pakhomo. Patsogolo pake pang'ono kusalala kunathera, maenje n'kuyambiranso. Ndipo pambali pa nyumba yapakati panali thandala lopendama.

Tiwonge anataya ndowa. "Amama! Adada! Mawu athu achiwiri sanakupezeni? Tinatuma kuti tasamuka!"

"Mawu ako ali ndi miyendo, nyumba yako ili ndi matayala. Ungayembekeze kuti afika ndani msanga?"

A Phiri anatsika pachimakina, anavula chipewa, n'kunjuta patali, kuseri kwa mgolo wa dizilo, monga mkamwini waulemu. Moni tinapatsana mokuwa. Pamenepo m'pamene ndinasuzumira m'kalavani muja: chipinda chimodzi, khomo limodzi, bedi lomamatira kukhoma. Ndinanong'oneza Tiwonge kuti kodi mpongozi ndi mkamwini apumira mpweya umodzi m'kabokosi aka? Anandilozera kamsasa ka udzu kuseri. A Phiri anali atadzimangira kale kogonamo iwo, ndipo ankakamanganso paliponse pomwe tasamukira, miyezi yonse imene tinakhalako, osadandaula.

Nkhuku ija inafika pamapeto a ulendo wake tsiku lomwelo. Tikuisosola ndi Tiwonge, ndinacheuka kuti ndiwafunse a Msiska ngati akufuna chiwindi. Panalibe munthu. Ndinayang'ana m'kalavani, mulibe. Kenako ndinamva phokoso pansi pa nyumba, pakati pa matayala, ngati wina akucheka thabwa lonyowa. Ndinawerama. Anali atayala chikhotho cha ku Joni pamthunzi, atagona chagada, miyendo tambalale, kukamwa yasa.

Wantchito wina anabwera kudzaona ngati thalakitala yalira yokha. Tiwonge anati, "Ndiwadzutse alowe m'nyumba?"

Ndinati, "Ukawakhudza ndikuthyola dzanja."

Ndinakhala pakamakwerero kaja, nthenga zili m'manja, n'kumamvetsera. Zaka zonse zija ndinkawagunda ndi chigongono kuti asiye, ndinkapita kukadandaula kwa ankhoswe, osadziwa kuti tsiku lina ndidzagulitsa mbuzi ziwiri n'kudutsa dziko lonse kukafuna phokoso lomwelo. Tinabwerera ku Henga mu Sepitembala, mitengo itaphuka, ndipo anakhala nafe zaka zina zambiri. Chigongono changa sichinawakhudzenso.